Tsamba Lachinayi la Fayilo ya a Fote

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, anthu amawadziwa ndi dzina loti a Fote. Dzinali anawapatsa ndi madalaivala anzawo, chifukwa ukakwera galimoto imene iwo akuyendetsa, kasingano ka liwiro kamafika pa fote n'kukhazikika pomwepo ngati kalipira lendi. Okwera ankadandaula kuti njinga zikutipitirira, iwo n'kumangoyankha kuti njingazo zili ndi kopita kwake. Anayamba ndi kutsuka malole, kenako anakhala wothandizira dalaivala, mpaka anapeza laisensi ndi ntchito pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Sukulu analekezera panjira kuti ine ndipitirize. Zimenezi sanazitchulepo ndi pakamwa pawo ngakhale kamodzi, ndipo mwina akanamazitchula bwenzi zikundipepukira.

Galimoto ankaisamala kuposa thupi lawo. M'mawa uliwonse asanalize injini ankatsegula boneti, kuyeza oyilo, kuzungulira matayala onse anayi akuwamenya ndi chibakera, kenako kupukuta chiwongolero ndi kansalu kamene kankakhala m'thumba la malaya. Malayawo ankakhala oyera, ndipo ankasita okha, ati akazi awo, alamu anga, amasiya mizere iwiri pamkono pamene dalaivala weniweni amafunika mzere umodzi. Alamu ankangoseka n'kuwapatsira simbi.

Lero a Fote ndi mlonda wa masana pa geti la depoti ina ya katundu. Amatsegulira malole oyendetsedwa ndi anthu amene iwo omwe anawaphunzitsa kulowetsa giya. Patha zaka khumi ndi chimodzi chichokereni pa chiwongolero, ndipo amene anawachotsapo ndine.

Linali Loweruka masana. Ndinali nditangolandira kalata yondilemba ntchito ya uphunzitsi, anzanga n'kunena kuti nkhani yotere sipita kukhosi kouma. Achimwene anabwera kudzanditenga pa kapikapu ka kuntchito kwawo. Ndinawakakamiza mpaka anamwa mabotolo awiri, munthu amene mowa ankaulawa kamodzi pachaka. Atamaliza anati galimoto itsale pomwepo, ife tiyende wapansi. Ine mowa unali utandikwera m'mutu, laisensi yanga ili ndi miyezi itatu yokha ndipo ikundiyabwa m'thumba. Ndinatola kiyi patebulo n'kuthamangira panja. Ananditsatira, koma anapeza nditaliza kale injini, moti anangolumphira pa mpando wa pambali akundiuza kuti ndiime. Sitinapite patali. Pa kona ya pafupi ndi malo opalira matabwa ndinagunda bambo wina wa pa njinga amene ananyamula mafelemu a mazenera. Mwendo wake unathyoka pawiri.

Anthu asanasonkhane, achimwene anandikoka ndi kolala, kunditulutsa, iwo n'kukhala pa chiwongolero.

"Iwe sunayendetse. Wamva? Ntchito ukayamba Lolemba."

Ndinamva, ndipo ndinamvera msanga kuposa mmene ndinawamverapo chibadwire. Anavomera mlandu woyendetsa galimoto ataledzera, analipira chindapusa, laisensi anawalanda kwa zaka ziwiri, ntchito inathera pomwepo. Tsiku la mlandu ine kukhoti sindinapite, ndinati ndili ndi kalasi. Zaka ziwirizo zitatha laisensi inabwerera, koma mbiri ya dalaivala siyenda pa fote. Kulikonse kumene anapita anapeza itafika kale. Ine ndinakwera pantchito. Pano ndine mphunzitsi wamkulu, ndili ndi galimoto yangayanga, ndipo Lolemba lililonse ndimaimirira pamaso pa ana n'kumawalalikira za ubwino wonena zoona.

Mwezi watha kampani ina yonyamula mankhwala kupita nawo m'zipatala inkafuna dalaivala wachikulire, wosathamanga. Achimwene anayesedwa pamsewu ndipo anawaposa onse. Pa fomu panali funso loti kodi anapezekapo ndi mlandu wa pamsewu, iwo analemba kuti inde, pakuti bodza lawo pa moyo uno ndi limodzi lokha lija. Abwana oyang'anira madalaivala, mayi wina wolankhula mosazungulira, anati zimenezo sizitseka khomo, koma abweretse kope ya fayilo yonse ya kukhoti, yodindidwa, pofika Lachisanu. Ankafuna kuona ngati linali tsoka la tsiku limodzi kapena khalidwe la munthu. Achimwene imvi zayamba, mwayi wina wotere sudzawapezanso. Pa geti sangachokepo masana, choncho anatuma ine. Anati za mapepala n'za ophunzira.

Ofesi ya kaundula kukhoti ili kuseri, kupitirira pamene imaima galimoto ya akaidi. Ndi kachipinda ka zenera limodzi, kauntala yake yathabwa inasalala ndi zigongono za anthu, ndipo kuseri kwake kuli mashelefu ofika kudenga, odzaza mafayilo omangidwa m'mitolo ndi chingwe. Kalaliki wake ndi mayi wa magalasi omangirira ndi ulusi mbali imodzi. Ndinatchula dzina la achimwene ndi mawu anga a pa asembule aja, koma mayiwo sanadzutse n'komwe mutu. Anandifunsa nambala ya mlandu. Nditati ndilibe, anandiuza kuti kumeneko fayilo sidziwa dzina la munthu, imadziwa nambala ndi chaka basi. Anandifunsa chaka, anatulutsa kaundula wa chaka chimenecho, chibuku chachikulu ngati chitseko cha kabati, n'kundilozera benchi.

Ndinakhala pa benchipo maola awiri, chala chikutsika mzere ndi mzere. Milandu ya pamsewu inali yosakanikirana ndi ya kuba mafoni ndi ya ndewu za m'mabala. Mzere uliwonse unali ndi tsiku, nambala, dzina, mlandu ndi chigamulo, ndipo zolembazo zinkasintha dzanja miyezi ingapo iliyonse. Oyendetsa ataledzera analipo ochuluka, tsamba lililonse awiri kapena atatu. Ndinayamba kudzitonthoza kuti ndiye tilipo ambiri, kenako ndinakumbukira kuti ine m'bukumo mulibe. Dzina la achimwene ndinalipeza chakumapeto, pakati pa munthu woba batire ndi wina womenya mkazi wake.

Nditapereka nambala, mayi aja anati ndilembe kalata yopempha fayilo, ndinenemo kuti ndine ndani pa mlanduwo ndiponso ndikuifuniranji. Anandibwereka cholembera chomangirira ku kauntala. Ndinalemba kuti ndine m'bale wa woimbidwa mlandu. Ananditumiza kukalipira pa zenera lina, ndinabweretsa risiti, iwo anati mitolo ya chaka chimenecho ili pamwamba ndipo makwerero anabwerekedwa, ndibwerenso Lachitatu.

Lachitatu ndinapeza fayilo ili pa kauntala, yopyapyala, chikuto chake chitafuwa. Chinthu chimene chinagwetsa moyo wa munthu chinali masamba asanu ndi anayi okha. Kalaliki anawawerenga akunyowetsa chala, ndipo atafika pa lachinayi anaima, anayang'ana kalata yanga, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, kalata yanu ikuti ndinu m'bale. Koma umu mulinso ngati mboni. Siginecha iyi si yanu?"

Inali yanga, yokhotakhota ngati ya munthu wofuna kuoneka wophunzira. Tsambalo linali sitetimenti imene ndinapereka kupolisi tsiku la ngozi. Ndingati ndinaiiwala, koma kunena zoona ndinachita kuikwirira. Tsiku limenelo wapolisi anandifunsa chifukwa chimene ndinalolera munthu woledzera kuyendetsa, ndipo ine, mantha atandigwira, ndinafuna kuima kutali ndi chiwongolero chija mmene ndikanathera. Mawu anga anali pomwepo: "Mkulu wanga amakonda kumwa akakhala ndi galimoto ya kuntchito. Ndakhala ndikumuletsa kangapo. Lero ndinamupempha kuti tiyende wapansi koma anakana."

Mawu oti tiyende wapansiwo anali a achimwene, ine ndinachita kuwaba. Achimwene anandipatsa bodza limodzi loti ndisunge, ine ndinaonjezerapo atatu amene palibe anandituma. Ndipo zimene abwana aja ankafuna kudziwa, zoti linali tsoka kapena khalidwe, ndinali nditayankha kale zaka khumi ndi chimodzi zapitazo.

Ndinatsitsa mawu n'kufunsa ngati kungatheke kujambula chigamulo chokha, tsamba lachinayi n'kulisiya. Mayiwo sanakwiye, zikuoneka kuti sindinali woyamba. Anati ndinapempha fayilo yonse ndipo kope yodindidwa imatuluka yonse, tsamba lililonse amalilemba nambala yake ndi kuchuluka kwa masamba onse, kenako amaboola pakona n'kumanga chingwe, kuti wochotsapo limodzi aoneke.

"Ine ntchito yanga ndi kusunga, bambo. Kusankha si kwanga."

Anajambula, anabwera nawo masambawo akadali ofunda, n'kuyamba kudinda. Chidindo chinagunda kasanu ndi kanayi. Chachinayicho ndinachimva m'mano.

Ndinapita molunjika ku depoti, nthawi ya chakudya chamasana. Achimwene anali m'kanyumba kawo ka alonda, atakhala pa kireti, buku lolembamo magalimoto olowa lili pamiyendo. Atandiona ndi envulopu nkhope yawo inawala. Ndinawauza kuti muli tsamba lina limene ayenera kulimva asanapite nalo kwa abwana. Ndinayamba kuwawerengera. Ndili pakati lole ina inaliza hutala, iwo anadzuka, anatsegula geti, analemba nambala, anatseka, n'kudzakhalanso pa kireti paja kuti ndimalize.

"Ndikulidziwa," anatero. "Wapolisi analiwerenga m'khoti, mokweza. Alamu ako analipo."

Zaka zonsezi alamu amandilandira ndi mawondo, amandithirira tiyi m'kapu ya alendo, amandifunsa za ana, chonsecho mawu amenewa anawamva ndi makutu awo. Ndinafunsa achimwene chifukwa chimene sanandiuzirepo. Anandifunsa kuti akanandiuza ndikanatani. Ine ndinachita zimene ndimadziwa, kulankhula. Ndinalumbira kuti Lachisanu ndipita nawo, ndikawauza abwanawo zonse, kuti woyendetsa ndinali ine ndipo tsamba lachinayi ndi bodza langa kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Usalonjeze, aphunzitsi. Ungondiperekeza basi."

Lachisanu anapempha theka la tsiku kuntchito. Anatuluka m'nyumba atavala malaya oyera, mzere umodzi pamkono, kansalu kakusuzumira m'thumba. Sindinkadziwa kuti anali akusungabe. Ku kampani kuja abwana analandira envulopu, anatikhazika pa benchi m'khonde, n'kulowa. Patapita kanthawi anatsegula chitseko ndipo anaitana ine, osati iwo. Fayilo inali patebulo, yotsegulidwa pa tsamba lachinayi. Anati aona kuti mboni ndi m'bale wake, ndipo akuganiza kuti m'baleyo ndine.

"Zimene munanena apazi, zinali zoona?"

Mawu ndinali nditawakonza masiku awiri. Ndinawanena m'bafa, ndinawanena m'galimoto, anali okonzeka pa lilime. Koma pamenepo ndinaona ofesi yanga, komiti ya makolo, ana anga akulozedwa chala, ndi wapolisi akundifunsa za kunama pa sitetimenti. Chitseko sichinatsekeke bwino, ndinkaona nsonga ya nsapato ya achimwene, yopolishidwa.

"Ndi zakale zimenezo, mayi," ndinatero. "Anasintha kwambiri."

Abwanawo anagwedeza mutu n'kutseka fayilo. Anati dalaivala wake ndi wabwino, anamuona yekha pamsewu, ndipo kulakwa kwa tsiku limodzi akanakhululuka. Koma pamene m'bale wake weniweni akuti chinali chizolowezi, iwo sangamupatse galimoto yonyamula mankhwala a odwala. Anandithokoza chifukwa chosabisa.

Achimwene sanandifunse kanthu. Analandira envulopu yawo, anathokoza abwana ndi manja awiri, tinatuluka. Titafika pa galimoto yanga anatambasula dzanja, ine ndinawapatsa kiyi. Anazungulira matayala onse anayi akuwamenya ndi chibakera, analowa, anatulutsa kansalu kaja n'kupukuta chiwongolero. Galimoto imene ndimaidziwa ndi kugwedeza inanyamuka ngati ikuyenda pa mkeka. Kasingano kanafika pa fote n'kukhala. Tinadutsa pa kona ya malo opalira matabwa aja, iwo anachepetsa liwiro, anayang'ana uku ndi uku, tinapitirira. Njira yonse ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo ndinkalakalaka atatero.

Pa geti la depoti anaimitsa, anakoka handibuleki, anazimitsa injini n'kundiikira kiyi m'manja.

"Mabuleki akumbuyo atha," anatero. "Ukasinthitse usanagunde munthu wina. Ine laisensi yoti ndikubwereke ndinali nayo imodzi."

Analowa m'kanyumba kaja, anavala jekete la ulonda pamwamba pa malaya oyera, n'kunditsegulira geti kuti ndikatembenuzire galimoto mkati.