Diresi Limene Ndinakana Kukonza

Ndine telala. Shopu yanga ili ku Kabwata mu Lusaka, kachipinda kamodzi ka makina atatu, ndipo nsalu ndimakagula ku Kamwala komwe ndimakankhana ndi anthu a mawilibala Lolemba lililonse. Tsiku lotsegula shopuyo ndinagwada pasimenti n'kuuza Mulungu kuti manja angawa ndi ake. Zikuoneka kuti amayi a kutchalitchi kwathu anamva ngati ndanena kuti manjawa ndi awo.

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinasoka makatani a kuguwa, mayunifolomu a kwaya, ngakhale madiresi a ana a abusa, zonsezo mwaulere. Makasitomala anga ankadikira, za kutchalitchi zinkalumpha mzere. Ndinkadziwa kuti ena akundidyera masuku pamutu, koma mawu akuti "ayi" sindinkawanena. Ndinkaona ngati kukana mlongo wa mu mpingo n'kukana Mulungu amene. Mpaka msana unandikana ine, ndipo adokotala anandiuza mosapita m'mbali kuti ndikapitiriza kupinda thupi pamakina tsiku lonse, ndidzayenda ndi ndodo ndisanaone mdzukulu.

Sabata yomweyo kunabwera amayi apampando a gulu lathu la amayi. Amakhala ku Woodlands, amuna awo ndi abwana kuofesi ina m'tauni, ndipo iwo akamapempha chinthu amalankhula ngati akukupatsa mphatso. Anaunjika zitenje patebulo langa lodulirapo.

"Ba sista, nabwela na nchito ya Mulungu," anatero. "Ma yunifomu fote ya bazimai. Tifuna yasile pa Fulaide ya wiki ibwela."

"Ba mayo, ino nthawi siningakwanise," ndinayankha. "Musana wanikana, na ma yunifomu ya bana ba sukulu nikalibe kusiliza."

"Mwakana?"

"Nakana, ba mayo."

Sanakalipe. Ananyamula zitenje zawo akumwetulira, n'kundiuza kuti Mulungu andidalitse.

Lachinayi pa msonkhano wa amayi timakhala ndi nthawi yopereka zopempherera. Aliyense amaima n'kunena vuto lake kapena la mnzake, kenako tonse timagwirana manja. Amayi apampando aja anaima, nkhope ili yachisoni ngati ali pamaliro.

"Tipempheleleko mulongo wathu wina, sinizamutomola zina," anatero. "Bizinesi yamungena mu mutu, manje nchito ya Mulungu aikana. Na kwamene achotsa ma kasitoma bake bambili so, ni Mulungu yeka aziba."

Pagulu lonselo wa shopu ndinali ndekha. Amayi makumi anayi anandipempherera mofuula, ena mpaka kupondaponda pansi kuthamangitsa chiwanda chimene akuti chandigwira, awiri atandigwira manja mwamphamvu ngati ndithawa. Ndipo ine, chitsiru ine, ndinavomera nawo kuti ameni.

Amene sanakhalepo mu Lusaka sangadziwe kulemera kwa mawu aja onena za makasitomala. Kuno ukangonena kuti sizidziwika kumene wamalonda akupeza makasitomala, watanthauza za usatana, ndipo mphekesera yotero imayenda msanga kuposa minibasi. Pasanathe mwezi mayi wina anabwera kudzatenga nsalu yake ndisanaidule. Wina analandira diresi lake ndi nsonga za zala n'kuliwaza mafuta odzozera ine ndikuona. Mmodzi mwa amayi awiri amene ndinkasoka nawo ndinamuuza kuti ayambe wakhala kunyumba, ndipo makina ake ndinawaphimba ndi chitenje.

Ndinawada amayi apampando aja. Sindikufuna kuzikongoletsa. Tchalitchi sindinasiye, chifukwa ndikanasiya akanati pemphero lawo lagwira ntchito. Lamlungu lililonse ndinkakhala benchi ya kumbuyo kwawo, maso pa zipi yokhota ya bulauzi yawo, n'kumati mumtima choipa chitsata mwini. Ndikudziwa kuti kubwezera n'kwa Mulungu, koma ndinkamupatsa malangizo. Ndinkamupempha kuti akadzawachititsa manyazi, asadzachite ine ndili ku Kamwala. Ndidzakhalepo, ndidzaone ndi maso angawa.

Patapita zaka ziwiri, Lachisanu lina masana, ndinangoona amayi apampando aja alowa m'shopu opanda kugogoda, thukuta lili kamukamu, atakumbatira chikwama cha diresi. Mawa lake kunali kitcheni pate ya mwana wawo wamkazi, phwando la amayi okhaokha lolangiza mkwatibwi ndi kumupatsa ziwiya za m'nyumba. Mtsikanayo ndinkamudziwa bwino. Ndinamuphunzitsa Sande sukulu, ndipo masiku onse amene anthu ankandizemba, iye ankandipatsabe moni wa manja awiri. Diresi lake anakasoketsa ku Kabulonga, kwa telala wina wa pafoni amene amajambulitsa zovala zake bwino, ndipo linabwera lothina pachifuwa moti zipi inkathera pakati pa msana.

"Ba sista, napapata, nithandizeni," anatero. "Nazunguluka tauni yonse, bonse bakana. Ni imwe chabe mungakonze."

Ndinalitembenuza diresilo n'kuyang'ana misoko ya m'kati. Telala uja anali wa changu koma sanali woumira: anasiya nsalu yokwanira mbali zonse ziwiri. Kuphwasula, kufutukula, kubwezera zipi, inali ntchito ya maola awiri basi. Msana tsiku limenelo unali bwinobwino, ndipo patebulo panalibe chondithamangitsa. Ndikulemba zimenezi kuti wina asadzanditeteze.

Ndinalipinda bwinobwino n'kuwabwezera.

"Ba mayo, pa Fulaide nimatseka na foo koloko," ndinatero. "Ba dokota bananiuza nizizibako malile yanga."

Anagwada. Amayi a ku Woodlands, ndi nsapato zawo zazitali, anagwada pasimenti yanga pakati pa tizidutswa ta nsalu.

"Osati pali ine," anatero. "Chitilani mwana."

"Nizamipempheleleko," ndinayankha.

Anadzuka n'kutuluka. Ndinamva kukoma kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndinatseka shopu nthawi isanakwane n'komwe, ndipo pobwerera kunyumba ndinagula nkhuku.

Loweruka ndinavala diresi langa labwino koposa, lodula ndekha, n'kukwera minibasi ya ku Chelstone kumene kunali phwandolo. Khadi ndinali nayo, chifukwa gulu lonse la amayi linaitanidwa. Ndinakhala kutsogolo, poti ndinapempha kuona ndi maso.

Ng'oma zitayamba, alangizi analowa ndi mkwatibwi atamuphimba chitenje thupi lonse monga mwa mwambo, akuyenda pang'onopang'ono mpaka pamphasa. Akuchimuna atabwera kudzamuvundukula, nthungululu zinalira kenako zinazilala msanga. Kumsana kwa diresi kunali mzere wa mapini, ndipo kampango kamene anamufunditsa kuti kabise kankangotsetsereka. Amayi a pabenchi yathu anayamba kugwedezana ndi zigongono. Wina anafunsa monong'ona kuti ndi chuma chonsecho analephera bwanji kupeza telala. Ndinayang'ana amayi apampando. Anali atazyolika, akupinda ndi kupindanso kansalu kopukutira thukuta. Mtima wanga unati myaa, ndipo ndinathokoza Mulungu ngati kuti ndi iye wachita.

Kenako inafika nthawi ya mphatso. Pa kitcheni pate mlendo aliyense akaitanidwa amapita pamphasa, amagwada pafupi ndi mkwatibwi, amamuonetsa chimene wabweretsa ndi ntchito yake, akatero amamanga chitenje m'chiuno n'kuvina. Mkwatibwi iye saloledwa kuseka kapena kulankhula, amangoyang'ana pansi. Ine ndinali nditabweretsa nsalu ya patebulo yosoka ndekha. Ndinagwada, ndinaitambasula pamiyendo pake, ndipo ndisanatsegule pakamwa ndinamva akunong'ona, mutu uli chozyolika.

"Anti, zulo nenze mu motoka panja pa shopu yanu. Nenze kuyembekeza kuti muzaniitana munipime."

Sanali kundidzudzula. Anangonena ngati mwana amene akufotokoza kuti anadikira basi koma sinabwere.

Oimba ng'oma anali atakweza kale, alangizi akundipatsa chitenje choti ndivinire, holo yonse ikuwomba m'manja, koma ine ndinakhalabe pamphasapo. Amayi ake sindinawakhululukire, ndipo mpaka lero sanabwere kudzapepesa pa zimene anandichita. Koma iwo anali uko pampando wofewa, ndipo amene anakhala pamphasa anthu akumuseka anali mtsikana amene sanandilakwirepo.

Ndili chogwada choncho ndinaona kuti pini imodzi yatseguka ndipo ikumubaya pansi pa phewa, pansalu pali kadontho ka magazi. Iye anali atapirira osagwedezeka kuyambira pamene analowa. Ndinalowetsa zala pansi pa kampango kaja, ndinaizula pakhungu pake n'kuitseka. Pa ukwati wonse wa mwana uja, ntchito imene manja angawa anamugwirira ndi yomweyo.