Tsiku Limene Tabuleti Inalankhula

Kiyibodi yanga yoyamba inali ya katoni ya sopo. Amayi anaidula ndi mpeni wosendera mbatata, aphunzitsi n'kujambulapo timabokosi ndi zilembo, ndipo popita kusukulu ndinkaiika pamutu kuti inditchinge dzuwa. Inkanunkha sopo wochapira mpaka kutha kwa temu. M'kalasi tinkaisanjika pamaondo, aphunzitsi akatchula chilembo ife n'kudina, kalasi yonse ikugogoda makatoni ngati nkhuku zojompha palichero. Ndinali kamtsikana ka giredi faifi pasukulu ina kufupi ndi Mfuwe, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikuphunzira kompyuta.

Aphunzitsiwo tinkangowatcha Madamu. Anali akadali ku koleji, anabwera kwathu kudzayeserera ntchito kwa temu imodzi. Kunyumba za aphunzitsi kunalibe malo, choncho amayi anawasesera kachipinda kamene tinkasungamo thonje. Anali akumtunda, cha ku Chipata. Chikunda chathu sankachimva, ndipo kutentha kwa kuchigwa kuno kunkawazunza zedi. Mu Okutobala, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa, ankanyowetsa chitenje n'kudzifunditsa masanasana. Anauza amayi kuti kumapeto kwa mweziwo kubwera mphunzitsi wawo wa ku koleji kudzawaona akuphunzitsa, ndipo lamulo linali lakuti aphunzitse ndi chipangizo chamakono. Akalephera pamenepo, zaka zawo zonse za ku koleji zilowa m'madzi.

Zipangizozo zinalipo, ndipo apa m'pamene pamandinyansa mpaka lero. Alendo ena anapatsa sukulu yathu matabuleti makumi awiri, timakompyuta tophwatalala tonga masileti, iliyonse m'kachikwama kake. Ankakhala m'bokosi lachitsulo mu ofesi ya ahedi, kiyi ali pachingwe m'khosi mwawo, mkati mwa malaya. Ankatuluka pokhapokha galimoto yopanda denga ya ku loji, malo ogona alendo odzaona nyama, ikabweretsa azungu odzaona sukulu. Ahedi ankasankha ana a nkhope zosalala, a zipere n'kuwatumiza kukatunga madzi, kenako n'kutikhazika kutsogolo, msana wa tabuleti kuloza makamera, galasi kuloza ife. Sankaziyatsa. "Dinani, dinani, smile!" ankatero chonong'ona. Ine ndinkadina galasi lakuda ndikuyang'ana nkhope yanga yomwe, thukuta lili kamukamu, mano onse ali pamtunda. Alendo akangokwera galimoto, ahedi ankawerenga zikwama, kupukuta fumbi, loko khethe.

Madamu anakapempha mwaulemu kuti abwereke imodzi. Yankho ndinalimva akufotokozera amayi, akutsanzira mawu a ahedi: "Zinthu izi si za ophunzira ntchito, mwana wanga. Zikasweka, alendo tidzawaonetsa chiyani?"

Tsiku lina la alendo, potolera, Madamu anasolola tabuleti imodzi n'kuikamo chidutswa cha katoni m'kachikwama kake. Ahedi anawerenga zikwama makumi awiri, mtima wawo n'kukhala pansi. Sindikunena kuti Madamu anachita bwino. Ndikungonena kuti munthu amene amawerenga zikwama osatsegula ngakhale chimodzi amadziwa yekha zimene akusunga.

Amalume anali ophika ku loji ndipo anali ndi kasola padenga. Anafufuza chingwe chokwanira, tabuleti n'kumwa moto tsiku lonse. Masana otsatira tinakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mango, ndipo ndinadabwa kuona Madamu akungoitembenuzatembenuza tabuletiyo. Iwonso sankadziwa poyatsira. Anandiuza kuti ku koleji ankakopera pabolodi ubwino khumi wa kompyuta m'kalasi, kuloweza, n'kukhoza mayeso, koma mzere wa kuchipinda cha makompyuta unali wautali moti nthawi inkatha iwo asanafike pampando. Ine ndadutsamonso mu koleji ya aphunzitsi tsopano, ndipo ubwino khumi uja ndinaukopera ndi dzanja langali. 

Ndine ndinapeza batani, m'mbali, chifukwa zala za mwana siziopa kanthu. Galasi linawala, mkati n'kumveka mawu a mayi wina akulankhula Chinyanja, akudula lalanje panayi n'kufunsa kuti tatsala ndi magawo angati. Madamu anaseka mpaka misozi. Kwa milungu iwiri tinkaphunzira awirife masana aliwonse, ntchentche zikutizungulira chifukwa cha mango akugwa amene njovu zinkasiya zitaponda. Anakonza phunziro lawo lonse: ana m'magulu, tabuleti kuyenda gulu ndi gulu, gulu lililonse ndi bango lake loti lidule. Ankayeserera pa ine ndi pa mbuzi za amayi. "Ichi n'chinsinsi chathu mpaka Friday," anatero, kunena Lachisanu lodzabwera mphunzitsi wa ku koleji uja. Ndinanyambita chala n'kuloza kumwamba.

Lachitatu, kutatsala masiku awiri, galimoto ya ku loji inafika mosayembekezeka. Poopa kuti katoni ija ionekera, Madamu anathamangira chikwama chawo, ndipo pa chipwirikiti chogawa matabuleti anaibwezera yathu ija m'gulu la zinzake. Ine ndinaizindikira ndi kachipsera ka pakona, ndipo ndinachita kukankha mnzanga ndi chigongono kuti ikhale yanga. Ahedi atanong'ona kuti dinani, ndinadina zenizeni. Mayi wa lalanje analankhula m'kalasi muli zii.

Azungu anaomba m'manja, makamera onse kutembenukira kwa ine. Ahedi anaomba koposa onse. Kenako mayi wina wachizungu, wachipewa chachikulu, anagwada pambali pa mnzanga n'kumupempha kuti nayenso ayatse yake. Sinayake. Anayesa yachiwiri, yachitatu, osayaka. Ina inali itatupa kumsana ngati mkate, ina potsegula chikwama munatuluka mphemvu ikuthamanga pamkono wa mwana. Mayiyo anaimirira pang'onopang'ono akupukuta manja pa buluku lake, ndipo alendowo anachoka osadikira nyimbo imene tinkawaimbira nthawi zonse.

Ahedi anandiitanira mu ofesi, mmene ndinali ndisanalowemo chibadwire. Munkanunkha ndowe za mileme ndi choko. Anandikhazika pampando wa alendo, n'kunditsegulira paketi ya mabisiketi. "Mwana wanzeru iwe," anatero ndi mawu ofewa. "Wakuphunzitsa zimenezi ndani?" Chala ndinanyambita chija ndinachiiwala. M'mutu mwanga chinsinsi chinali chitasanduka nkhani yabwino, popeza aliyense anali ataombera m'manja, ndipo ndinkafuna kuti Madamu nawonso ayamikiridwe. Ndinafotokoza zonse, za katoni, za sola ya amalume, za pansi pa mango, pakamwa pali podzaza bisiketi. Bambo wamkulu, waimvi, kukola kamwana ndi bisiketi ngati akukola mbewa! Iwo anangogwedeza mutu n'kundiwonjezera ina.

Lachisanu mphunzitsi wa ku koleji anafika ndi galimoto yoyera, n'kuyamba walowa mu ofesi. Anakhalamo nthawi yaitali, ndipo tinaona mlonda akulowetsa nkhuku yamoyo ndi mtolo wa nsomba zouma kumbuyo kwa galimotoyo. Tabuleti ija inali itatsekeredwanso m'bokosi, choncho Madamu anaphunzitsa ndi makatoni. Mawu awo anali ouma, choko chinkawathyokera m'manja. Mlendoyo anakhala kumbuyo kwa kalasi, mwendo pamwamba pa unzake, akuseweretsa foni yake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo anadzutsa mutu kamodzi kokha kuthamangitsa ntchentche. Patapita zaka amalume anandiuza zimene zinalembedwa: kuti wophunzirayo sanagwiritse ntchito chipangizo chamakono chilichonse, ndiponso kuti anatenga katundu wa sukulu popanda chilolezo. Za matabuleti khumi ndi asanu ndi anayi owolera m'bokosi sipanalembedwe kanthu. Amalume omwewo ndi amene anadzawaona Madamu ku Chipata, akugulitsa zovala za kaunjika pamsika. Uphunzitsi sanaulowe.

Anachoka Loweruka m'mawa, temu isanathe. Amayi anawasenzera chikwama pamutu mpaka kumsewu kumene munthu wa njinga ankawadikira kuti akawasiye ku minibasi za ku Mfuwe. Njira yonse amayi sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Ine ndinkadumphadumpha patsogolo pawo, fumbi lotentha likundiwotcha kumapazi, ndikufunsa ngati Madamu anaona mmene azungu anandijambulira.

"Ndinaona," anatero Madamu. Anawerama, n'kundikonza kolala ya diresi. "Unayatsa bwino. Usadzaiwale pamene pali batani."

Njinga itanyamuka amayi anakhala pansi pomwepo m'mbali mwa msewu, n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Ndinaganiza kuti ndi fumbi lawalowa m'maso. Ndinaimika dzanja kutsazika mpaka njinga inabisika m'mitengo, mtima uli mbee ndi chimwemwe, ndipo Lolemba ndinauza kalasi yonse monyada kuti Madamu apita msanga chifukwa amaliza kuphunzira zonse, ndipo amene anawathandiza ndine.