Zenera Limodzi pa Boda

Ndimakumbukirabe chifuwa cha mayi wa khomo loyandikana nafe ku Chawama. Chinkadutsa khoma ngati palibe khoma. Ambuya, amene anandilera makolo anga atamwalira, akachimva ankasiya zonse n'kupitako ndi madzi otentha.

Amuna awo a mayiwo ankadinda mapasipoti pa boda ina yaing'ono kum'mawa. Poyamba analipo angapo pantchitoyo. Zinthu zitavuta m'dziko, ena anachotsedwa, wina anamwalira, ndipo m'malo mwawo simunabwere munthu. Amuna a mayiwo anatsala okha pazenera, mzere ukungotalika, poti sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, zinasowa m'masitolo ndipo azimayi ankakazifuna kutsidya.

Ine ndinali nditamaliza sukulu, ntchito ndilibe, choncho wotumidwa ndinali ine. Ndinkapita poima malole n'kupempha madalaivala kuti akafika pazenerapo akanene kuti kunyumba matenda akula. Yankho linkabwera lomwelo: akudikira wodzawalandira ntchito. Kenako mayiwo anasiya kufunsa. Ankangotembenuza mutu chitseko chikalira.

Atamwalira tinadikira mpaka a kumochale anakana kusunganso thupi. Kumanda, abusa ataitana mwamuna wa malemu kuti ayambe kuponya dothi, mwamunayo panalibe. Ambuya anandikankha pamsana. Ndinaponya ndine.

Bamboyo anafika masana a tsiku lotsatira, fumbi mpaka m'nsidze, zala zili bii ndi inki. Pokhala pansi, chinthu cholemera m'thumba la jekete chinagunda mpando. Anachitulutsa n'kuchiika pabondo. Chinali chidindo. Anati wowalandira sanabwere, ndiye anangokhoma zenera n'kuchitenga, poopa kuti wina angachigwiritse ntchito iwo kulibe. Ambuya anawafotokozera zonse mwatsatanetsatane, kuyambira tsiku limene mayiwo anasiya kudya. Ine ndinawaperekeza kumanda. Titafika, anafunsa amene anaponya dothi loyamba. Ndinawauza.

Titabwerako, ambuya anali atawayalira kale pogona.

“Gonani ngakhale lero lokha, ba neba.”

“Amama, nasiya anthu pa laini. Enanso akupita kumaliro.”

Analowa m'nyumba mwawo, n'kutuluka osatenga kanthu. Anakhoma loko, natsegula dzanja langa n'kuikamo kiyi.

“Uzitsegulako, mphepo izilowa.”

Anagwira thumba la jekete kuti amve ngati chidindo chilimo, n'kulowera kumsewu wa malole.