Wodula Magalasi ndi Nsomba za Moli

Inu amene muli kutali ndi mwana wanu chifukwa cha kusowa, imvani za bambo wina wodula magalasi.

Mkazi wake atamwalira, matenda anali atadya zonse: benchi yodulirapo magalasi, njinga, ngakhale mipando. Anatsala m'kachipinda kamodzi ndi mwana wawo yekhayo, mtsikana wongoyamba kumene sukulu. Mlamu wake, mkulu wa malemuyo, anabwera kudzatenga mwanayo.

"Alamu, sindikukulandani mwana," anatero mayiyo. "Koma taonani nokha muno. Agona pati? Zikadzayamba kuyenda, mudzamutenge."

Mwanayo anakwera basi akulira, ulendo wa ku tauni yakutali. Kuyambira pamenepo ankangomvana pa foni ya mlamuyo, ndipo funso linali limodzi: "Ababa, mubwera liti?" Bamboyo ankati posachedwa, kenako n'kukhala pakhomo osadziwa kuti posachedwapo ndi liti.

Ankayenda m'makomo kukonza mawindo osweka. Tsiku lina anagwira ntchito kwa mphunzitsi wina wopuma amene ankasamuka. Pakhonde panali thanki yagalasi yong'aluka, ndipo m'ndowa munkasambira tinsomba tingapo, tina takuda bii, tina tamawangamawanga.

"Tengani, ambwana, kumene ndikupita kulibe malo," anatero mphunzitsiyo. "Zimenezi ndi moli. Siziikira mazira, zimabereka ana amoyo."

Anasintha galasi long'alukalo, n'kumata bwino m'makona. Atathiramo nsombazo, yamphongo inatambasula chipsepse chake chapamsana, chachitali ngati thanga la ngalawa, n'kuyamba kuzungulira yaikazi monyadira. Bamboyo anaseka yekha, koyamba chichokereni mwana.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Anazisinthira madzi ongotunga pampopi, ndipo zambiri zinayandama chagada. Anakafunsa kwa wogulitsa ziweto m'tauni, amene anamuuza kuti madzi a pampopi azigona kaye m'ndowa, asazizire, ndipo azithiramo kamchere pang'ono.

Yaikazi imene inapulumuka inatupa mimba. M'mawa wina anaona tiana tating'ono ngati timpunga tikunjenjemera m'madzi. Anapita kuntchito akuimba. Pobwerako sanapeze ngakhale kamodzi: nsomba zazikulu zinali zitatimeza.

"Aneba, nsomba zanuzo zikula liti tikazinge?" ankamuseka oyandikana naye. "Munthu wamkulu kumaweta zinthu zosakwana n'komwe pa supuni!"

Iye anadzala zomera zam'madzi zoti tiana tizibisalamo. Anatola zidutswa za magalasi zotsala ku ntchito, n'kupanga thanki ina yolereramo. Ulendo wotsatira tiana tinakula.

Tsopano pa foni anali ndi choti anene. Mwanayo ankafunsa kuti zamitundu yanji, zimagona bwanji m'madzi, zimamudziwa kapena ayi. Bamboyo ankafotokoza mpaka mawu kumuthera. Foni ikaduka, ankakhala akuyang'ana malo apakona pamene mwanayo ankagona kale.

Wometa tsitsi wa pamsewu wawo ndiye anayamba kugula thanki ndi nsomba zake. Anthu odikira kumetedwa ankafunsa kumene anaitenga. Kenako anabwera mwini malo odyera, kenako dokotala wa mano amene ankafuna chotonthoza ana amantha. Panali nyengo ina yozizira imene inamuphera pafupifupi theka la nsomba, koma anayambanso ndi zotsalazo. Zaka zinapita. Anapeza nyumba yazipinda ziwiri, chimodzi n'kuchipaka penti, n'kuikamo bedi ndi tebulo lowerengerapo.

Atafika kwa mlamu wake, amene anatsegula chitseko anali mtsikana wamtali, womufika m'phewa. Anamupatsa moni waulemu, wa mlendo, maso ali pansi.

Mlamuyo anali atamanga kale chikwama, koma misozi inkamutsika. "Ndamulera ngati wanga," anatero. "Muzimutumiza pa holide, alamu."

"Azibwera. Ndipo inunso pakhomo panga mpanu," anayankha bamboyo.

M'basi bamboyo ankaganiza za mano amene anaguluka iye kulibe, za nsapato zimene zinachepa asanazione. Zimenezo palibe akanamubwezera. Koma basi itafika pakati pa ulendo, mtsikanayo anasinza, mutu wake n'kutsamira paphewa la bambo ake. Mkono unachita dzanzi, koma bamboyo sanausunthe mpaka anafika.

Lero ali ndi shopu yodzaza matanki, ndipo masana akaweruka kusukulu mwana wake ndiye amalandira ogula.

Mwina inunso pali amene mukumusowa, ndipo chimene chili m'manja mwanu chikuoneka chaching'ono moti anthu akuchiseka. Chisamaleni. Chikafa, yambaninso. Njira yobwerera kwa amene mumawakonda ingatalike, koma ilipo. Musataye mtima, m'bale wanga.