Ndikasowa Adzandifunsa Ndani?

Ndinafika ku Toronto m'zaka za m'ma 1970 kudzaphunzira udokotala. Ndinkachita lendi kachipinda kapamwamba m'nyumba yakale pafupi ndi yunivesite. Tinalimo ambiri koma bafa limodzi, ndipo anzangawo ndinkawadziwira miswachi yawo basi.

Tsiku loyamba m'chipinda chophunzirira mitembo, mphunzitsi wathu, bambo wadazi wokonda nthabwala, anatisimbira za kale ku Ulaya. Akuti masukulu a udokotala ankasowa mitembo yoti aziitumbula pophunzira, ndiye ankachita kugula. Anthu ena anayamba kufukula manda. Ena ataona kuti khasu likulemera, anayamba kupha anthu n'kukawagulitsa akadali ofunda. Anzanga anaseka. Mphunzitsiyo anawonjezera kuti zigawengazo sizinkangotola aliyense. Zinkasankha alendo ogona m'zipinda za lendi, anthu oti akasowa palibe wofunsa.

Ine sindinaseke, chifukwa munthu ankanenedwayo ndinali ine ndendende. Sikuti ndinkaopa kuphedwa ayi, zimenezo zinatha kalekale. Koma ndinamva kuti ngakhale masiku athuwo, mtembo wosowa mwini unkatha kuperekedwa kusukulu. Kwathu ku Dedza ukachedwa kutsegula chitseko m'mawa, wina amabwera kudzaodira. Kuno ndikanatha kuumira pabedi mpaka fungo litandinenera.

Ndiye ndinaganiza zodzipezera wondifunsa. M'chipinda choyandikana ndi changa munkakhala madala ena achizungu, opuma ntchito ya njanji, okhosomola ngati galimoto yakutha. M'mawa uliwonse ndinayamba kumawagogodera n'kufunsa mmene adzukira. Nzeru yanga inali yakuti akazolowera, tsiku limene sindidzagogoda adzadabwa. Ankatsegula pang'ono, osachotsa katcheni ka pachitseko, n'kuyankha liwu limodzi lokha.

Nditawafotokozera pafoni mayi ena akwathu, namwino wokhala ku Scarborough, kumalire kwa Toronto komweko, anaseka mpaka kutsamwa. "Mwana wanga, kuno sagogoda chisawawa. Adzakulipota kwa landilodi madala amenewo!"

"Azolowera basi, mayi," ndinatero. Mayiwo ankagwira mashifiti awiri, choncho tinkalankhulana mwa apo ndi apo.

M'nyengo ya chisanu, chimfine chinandigwetsa. Ndinagona masiku angapo thupi lili moto, ndikukhalira madzi apampopi ndi masikono ouma. Ndinkamva sitima za mumsewu zikudutsa pansipo, ndinkamvanso madala aja akukhosomola kuseri kwa khoma. Chitseko ndinasiya dala chosakhoma. Mapazi akamveka panja ndinkadzutsa mutu, mawu akuti "lowani" ali kale pakamwa, koma mapaziwo ankapitirira kubafa. Ndinalira ndithu, ine bambo wandevu, ndipo chondiliza sichinali chimfine. Ndinasungulumwa koopsa.

Nditapezako bwino ndinatsika kukagula buledi. Pamasitepe ndinakumana ndi madala aja. Anaima, n'kundiyang'ana bwinobwino, ndipo kwa nthawi yoyamba anamwetulira. Ndinati eya, anaona ndithu kuti ndasowa, kungoti manyazi anawagwira.

"Mnyamata," anatero, "zikomo kwambiri posiya zogogoda zija. Masiku ano ndikugona bwino."

Ndinayankha kuti palibe kanthu, n'kutsamira kukhoma kuti adutse.