Dazi la Mkwati pa Sikirini Yachiwiri

Ndilembe lero, mwina manyazi andichoka. Tchuthi chino ndikuthandiza pashopu ya azakhali ku Area 2, pomwe amasindikiza makadi a ukwati. Anagula adaputa, kabokosi kolumikizira masikirini awiri pakompyuta imodzi, kuti sikirini inayo iziyang'ana makasitomala. Poti ndimaphunzira zamakompyuta kusukulu, ndinalumikiza ndine.

"Zatheka, azakhali, uko kuzioneka khadi lokha," ndinatero monyada, osazungulira n'komwe kukaona.

Azakhali atatuluka, kunabwera bambo ena adazi kudzaona khadi lawo. Akudikira, ndinalembera mnzanga Tadala pakompyutapo: "Kuno kuli mkwati, mutu ngati dzira. Kaya mkaziyo anaonapo chiyani."

Bambowo anatsokomola. "Mwanawe, umuuze Tadalayo kuti mkaziyo anaona galimoto."

Kani sikirini yawoyo inkaonetsa zonse! Poopa kuti azakhali ataya kasitomala, ndinanama kuti adaputayo nthawi zina imalemba yokha. Anaseka mpaka misozi.

Makadi sanawakane. Dzulo anabwera kudzawatenga atavala chipewa, ndipo azakhali akudabwabe chifukwa chomwe bambowo anachivulira n'kundiweramira ine.