Anyezi Kumanzere, Tomato Kumanja

Ku Chelstone, pafupi ndi pamene pamaima maminibasi opita m'tauni, panali kagolosale kopaka utoto wobiriwira. Eni ake anali msilikali wopuma ntchito, wa kwathu ku Katete, ndipo tonse tinkangowatchula kuti ba Sajeni. Pa mashelefu awo shuga, sopo ndi makandulo zinkaima mowongoka ngati zili pa perete. Ukatola botolo la mafuta ophikira n'kulibweza mopendama, ankakuyang'anitsitsa mpaka ulikonze wekha.

Koma mtima wawo sunali pa malonda. Mvula ikagwa ankakhoma chitseko, kutenga fosholo n'kukachotsa zinyalala m'ngalande za msewu wonse, ogula akudikira pakhonde. Maliro akagwa, oyamba kufika anali iwo. Akazi awo ankadandaula kuti anakwatiwa ndi mwamuna wa Chelstone yense.

Chaka china ife amayi a chigwirizano tinaitanidwa ku msonkhano waukulu wa mipingo ku Kabwata. Mpingo uliwonse unayenera kulowa m'bwalo ukuguba ndi kuimba. Ulendo wapitawo tinachita manyazi, tinalowa mopanikizana ngati tikuthamangira belo la salaula, zovala zakaunjika, ku City Market. Ndiye amayi busa anakapempha ba Sajeni kuti atiphunzitse.

Anabwera Loweruka masana kuseri kwa tchalitchi, wezulo ili pakhosi, nsapato zikuwala. Ine ndinali ndi vuto limene ndinalibisa kuchokera ku sukulu: munthu akandifulumizitsa, kumanja ndi kumanzere kumandisokonekera. Ba Sajeni atakuwa kuti titembenukire kumanzere, ndinatembenukira kwina n'kuwombana mphumi ndi amayi otsogolera nyimbo. Duku lawo linagwa pansi.

Wezulo inalira. Ba Sajeni anabwera pang'onopang'ono n'kuima patsogolo panga.

"Amai, ni chani? Miyendo iyi ni yanu, olo mwabweleka?"

"Ni yanga, ba Sajeni."

"Nanga bwanji sikumvelani?"

Ndinaulula. Sanaseke. Anatiuza kuti tisasunthe, n'kulowera kugolosale kwawo. Pobwera anandipatsa anyezi m'dzanja lamanzere, tomato m'dzanja lamanja.

"Nikakamba anyezi, mwendo wa ku anyezi. Nikakamba tomato, wa ku tomato. Mwamvela?"

Zinatheka nthawi yomweyo. Ndikuguba choncho, ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Ba Sajeni, naine nipatseniko." Anali amayi otsogolera nyimbo aja. Kenako wina, kenako winanso. Kani tinalipo ambiri, tinkangoonera miyendo ya anzathu! Ba Sajeni anabwerera kugolosale katatu. Akazi awo anawatsatira ulendo wachitatu, anaima pampanda manja ali m'chiuno, akuona katundu wawo akuguba. Ena mwa ife tinkafinya tomato chifukwa cha mantha, madzi ake n'kumatsikira m'zigongono. Pomaliza anati tipite nazo kunyumba tikaphikire ndiwo.

Tsiku la msonkhano tinavala mabulauzi oyera, choncho sitikanatha kunyamula tomato. Tinalowa m'bwalo manja ali okha. Ba Sajeni anaima kunja kwa mpanda wa waya, ndipo nyimbo itangoyamba anayamba kukuwa ndi mawu awo onse: "Anyezi! Tomato! Anyezi! Tomato!" Miyendo yathu inagwirizana bwino, moti amayi a ku Woodlands, amene ankatiseka kale, anatiimbira nthungululu. Tikudutsa pafupi ndi wayayo, ndinaona mayi wina wachilendo akuwakoka malaya ba Sajeni, chikwama chili m'manja, akuwafunsa kuti katunduyo ali kuti. Iwo sanamuyang'ane n'komwe mpaka tonse titalowa.

Ba Sajeni anamwalira patapita zaka zingapo, atadwala masabata ochepa. Pa maliro ndinakhala pafupi ndi akazi awo, tikusenda kabichi kuseri kwa nyumba ndi amayi ena, chifukwa anakana kukhala m'nyumba osachita kanthu. Ndinawafunsa ngati amuna awo anamenyapo nkhondo. Anapukuta misozi ndi chitenje, kenako anaseka.

Anati zaka zonse za usilikali ba Sajeni anali m'sitolo ya ku kampu, akugawa mabulangete, nsapato ndi mbale. Mfuti anaombapo pophunzira pokha, ndipo kuchokera tsiku limenelo khutu lawo limodzi silinamvenso bwino.

"N'chifukwa chake anali kukuwa chabe," anatero. "Iwo anali kuona monga akamba pansi-pansi."